Wojambula chilengedwe ayambe wayenda kaye, burashi ibwere pambuyo

A Mkonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndiyankhe funso limene achinyamata, ndipo nthawi zina akuluakulu omwe, amandifunsa akandipeza nditakhala pamwala ndi kabuku pamiyendo ndi burashi m'manja. Funsolo ndi lakuti: "Achikulire, mukudzivutitsiranji chonchi pamene foni ingakugwirireni ntchito yomweyo m'kuphethira kwa diso?" Ofunsawo sindiwaimba mlandu, chifukwa ngakhale chilankhulo chathu chimawathandiza kusokonezeka. Mawu amodzi omwewo akuti "kujambula" timawanena kwa munthu amene wadina batani la kamera, ndiponso kwa munthu amene wathera tsiku lathunthu akuyang'ana phiri n'kumaliika papepala ndi dzanja lake. Popeza mawu ndi amodzi, ambiri amayesa kuti ntchitonso ndi imodzi, kungoti wina ndi wachangu ndipo mnzakeyo ndi wachidodo. Ine ndikuti ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo chimene chimazisiyanitsa kwenikweni si utoto kapena burashi ayi, koma miyendo.

Ndine wojambula wodziphunzira ndekha, wosatchuka, ndipo sindinagulitsepo chithunzi pamtengo woti n'kuutchula pagulu. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikuyenda m'tchire ndi m'mphepete mwa madzi ndi kabuku ka mapepala okhuthala m'chikwama, ndaona kuti malo amene ndawaponda ndi mapazi anga amatuluka papepala mosiyana ndi malo amene ndangowaona pachithunzi cha munthu wina. Wokwera chitunda amadziwa pamene dothi lathera n'kuyamba miyala yoterera, chifukwa anatsala pang'ono kugwa pomwepo. Amadziwa kuti mitengo ya kumbali yoomba mphepo ndi yaifupi ndiponso yoweramira kumodzi, kuti kachigwa kooneka ngati ka pafupi kanamudyera maola awiri, ndiponso kuti kubiriwira kodera kumene kukuoneka kutsidyako kukubisa kamtsinje pansi pa mitengo. Akadzakhala pansi kuti ajambule sachita kulota kuti mzere uwu upite kuti, pakuti thupi lake linauyeza kale mtundawo, ndipo dzanja limangotsatira zimene mawondo akudziwa.

Kamera imatenga chilichonse chimene chili patsogolo pake mofanana, tsamba la pafupi ndi phiri la kutali, osafunsa kuti chofunika n'chiti. Aliyense amene anayesapo kujambula phiri lalikulu ndi foni akudziwa mmene limasandukira kachulu, chifukwa galasi la foni linapangidwa kuti likokere zinthu zambiri m'chithunzi chimodzi, motero zakutali zimachepa kuposa mmene maso amazionera. Mithunzi nayonso kawirikawiri imatuluka yakuda bii, pamene munthu woimirira pamalopo amaona kuti mkati mwa mthunzi muli mitundu, kabuluu kochokera kuthambo ndi kufiirira kobwezedwa ndi nthaka yowalidwa ndi dzuwa. Amene amangokopera zithunzi za pa intaneti amakoperanso zolakwa zimenezi mosazindikira, ndipo ndikaona chithunzi cha utoto chokhala ndi mithunzi ngati makala, ndimakayikira ngati mwini wake anatuluka m'nyumba.

Dziko limene mbiri yake imaonetsa bwino mfundo yangayi ndi Australia, kumene kuyenda maulendo aatali m'tchire ndi miyendo kuli ndi dzina lakelake, lakuti bushwalking, ndiponso kumene mphotho ya Wynne, imene makamaka imapita kwa ojambula malo a dzikolo, inayamba kuperekedwa mu 1897. Azungu atayamba kukhazikika kumeneko mu 1788 anabwera ndi maso a kwawo. Ambiri mwa ojambula oyambirira ankati akaima patsogolo pa mtengo wa bulugamu, dzanja lawo linkajambula mtengo wa ku England, wamasamba othithikana ndi mthunzi wandiweyani. Koma mtengowu suli choncho. Masamba ake amalendewera choloza pansi, dzuwa limadutsa pakati pawo, mthunzi wake ndi wamangamanga, ndipo kubiriwira kwake n'kotuwa. John Glover, wojambula wa ku England amene anasamukira ku chilumba cha Tasmania, kum'mwera kwa Australia, mu 1831 ali kale mkulu wa zaka 64, anali mmodzi mwa oyamba kuzindikira kuti m'nkhalango za kumeneko, ngakhale mitengo ichuluke chotani, munthu amatha kuona dziko la kuseri kudzera pakati pa nthambi. Mkulu amene anali atajambula mitengo moyo wake wonse anayenera kuphunziranso mtengo ngati mwana, ndipo sukulu yake inali tchire lomwelo.

Mu 1885 ojambula atatu, Tom Roberts, Frederick McCubbin ndi Louis Abrahams, anamanga msasa m'tchire ku Box Hill, kunja kwa mzinda wa Melbourne, kuti kumapeto kwa sabata azigona komweko n'kumajambula kuyambira m'mbandakucha. Pasanapite nthawi anakumana ndi mnyamata wina, Arthur Streeton, akujambula pagombe la Mentone, ndipo anamutenga kukhala mmodzi wa iwo. Mu Ogasiti 1889 gululi, pamodzi ndi Charles Conder, linaonetsa ku Melbourne tizithunzi toposa 180, tambiri mwa ito tojambulidwa pa timatabwa tovundikira mabokosi a ndudu, ta mainchesi 9 m'litali ndi 5 m'lifupi. Wolemba ndemanga wa nyuzipepala ya Argus, James Smith, anatinyoza kuti ndi ntchito yosamaliza. Kumbali ina sananame, chifukwa munthu amene akuthamangitsana ndi kuwala kwa dzuwa lolowa alibe nthawi yosalaza tsamba lililonse. Koma m'timatabwa timeneto, ndi m'zinsalu zikuluzikulu zimene zinatsatira, anthu a dzikolo anaona kutentha, fumbi ndi kuwala kwa kwawo monga ankakudziwira. Ndiyenera kuwonjezera kuti kutuluka panja kumeneku kunapepukitsidwa ndi kanthu kakang'ono. Kale utoto wamafuta unkasungidwa m'zikhodzodzo za nkhumba, zimene ukaziboola sizinkatsekekanso bwino, mpaka mu 1841 pamene John Goffe Rand, wojambula wa ku America wokhala ku London, anatulukira kachubu kachitsulo chofewa kofinyika, kamene munthu angakaponye m'thumba n'kuyamba ulendo.

Nkhani imene ndimaikonda koposa, komabe, ndi ya Eugene von Guérard, wojambula wobadwira ku Vienna, amene anapita ku Australia mu 1852 kukafuna golide, zinthu osamuyendera, n'kubwerera ku luso lake. Munthu ameneyu anali woyenda weniweni. Mu 1862 anatsagana ndi wasayansi Georg von Neumayer paulendo wokwera mapiri a Kosciuszko, amene nsonga yake ya mamita 2,228 ndi yaitali kuposa ina iliyonse pamtunda waukulu wa Australia, ndipo timabuku take ta m'thumba ndi todzaza ndi zojambula za pensulo za miyala, mitengo ndi zigwa, zambiri zolembedwa dzina la malo ndi tsiku. Mu 1855 mwini ziweto wina, James Dawson, anamupempha kuti amujambulire malo otchedwa Tower Hill, pafupi ndi nyanja kumadzulo kwa chigawo cha Victoria, pamene pali chigwa cha phiri limene linaphulika kalekale, chokhala ndi dziwe lalikulu ndi timapiri pakati pake. Von Guérard anajambula malowo mwatsatanetsatane, mtengo uliwonse monga mwa mtundu wake ndiponso pamalo pake.

M'zaka zotsatira azungu obwera aja anadula mitengo, anatentha tchire, analowetsa ziweto ndi kukumba miyala, mpaka zitunda zinatsala zadazi. Ngakhale malowo analengezedwa kuti ndi otetezedwa mu 1892, kuwononga sikunaleke. Pamene ntchito yobwezeretsa nkhalangoyo inayamba m'zaka za m'ma 1960, m'badwo umene unaiona isanadulidwe unali utatha, ndipo umodzi mwa maumboni omveka bwino amene anatsala unali chithunzi chija. Akatswiri a zomera anachiyang'anitsitsa n'kuzindikiramo mitundu ya mitengo ndi zitsamba, pamodzi ndi mbali imene mtundu uliwonse unkamera, ndipo ana asukulu ndi anthu ongodzipereka anadzala mitengo masauzande ambirimbiri. Lero pamalopo pali nkhalango ndipo pakuyenda nyama monga emu, kangaroo ndi koala. A Mkonzi, von Guérard akanakhala wongolota mitengo ali m'nyumba, n'kumadontheza utoto wobiriwira paliponse kuti pakongole, palibe katswiri wa zomera akanapindula ndi ntchito yake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa munthu mmodzi mu 1855 kunadzathandiza odzala mitengo patapita zaka zoposa 100.

Ndingakhale wosaona mtima nditapanda kunena kuti luso limeneli lili ndi tchimo lake. Ojambula ambiri a nthawi ya atsamunda ankaonetsa dziko ngati lopanda eni, kapena kuika eni akewo ngati timadontho tokongoletsa pakona ya chinsalu, ndipo zithunzi zotero zinkathandiza anthu a kutali kukhulupirira kuti malowo akungodikira wobwera kudzawatenga. Chonsecho eni dziko la Australia anali atayenda ndi kujambula dziko lawo pamatanthwe, pamakungwa ndi pamchenga kwa zaka masauzande ambiri mzungu asanaponde kumeneko. N'chifukwa chake nkhani ya Albert Namatjira imandikhudza mtima. Iye anali wa mtundu wa Arrernte, wobadwa mu 1902 pamishoni ya Hermannsburg pakatikati pa dzikolo, ndipo anayamba kugwira utoto wamadzi ali kale bambo wa ana. Mu 1936 anadzipereka kuperekeza wojambula Rex Battarbee monga woyang'anira ngamira paulendo wa m'mapiri, kuti m'malo mwake aphunzitsidwe kagwiridwe ka burashi. Patangopita zaka ziwiri, mu 1938, zithunzi za pachionetsero chake choyamba ku Melbourne zinagulidwa zonse.

Ena amadabwa kuti anaphunzira msanga chotero bwanji, koma ine sindidabwa, pakuti gawo lovuta la luso limeneli iye anali nalo kale. Mapiri a MacDonnell anawayenda kuyambira ubwana. Ankadziwa nthawi imene matanthwe ofiira amasanduka a pepo dzuwa likapendeka, ndiponso mmene thunthu loyera mbee la bulugamu wa m'chipululu limawalira patsogolo pa matanthwewo. Battarbee anangomupatsa chida. N'zomvetsa chisoni kuti munthu amene zithunzi zake zinkapachikidwa m'nyumba zambiri za dzikolo anadzalandira ufulu wonse wa nzika mu 1957, kutangotsala zaka ziwiri kuti amwalire, ndiponso kuti mitengo iwiri yotchuka imene anaijambula kumadzulo kwa tauni ya Alice Springs inadzapsa ndi moto.

Asaganize wina kuti kuyenda kumakakamiza munthu kujambula tsamba lililonse monga von Guérard. Fred Williams, wojambula wina wa ku Australia amene anamwalira mu 1982, ankapita kutchire kawirikawiri kukajambula, makamaka ku mapiri a You Yangs, koma zimene ankabwera nazo zinali timadontho ndi timizere tomwazikana pachinsalu cha mtundu wa nthaka, nthawi zina popanda ngakhale mzere wolekanitsa dziko ndi thambo. Woyamba kuziona amayesa masewera a mwana, koma amene anayang'anapo tchire louma ali pamwamba pa chitunda amazindikira pomwepo kuti mitengo yotalikirana imaonekadi choncho.

Tsopano ndinene za gombe, chifukwa kumeneko ndiko wojambula amaphunzira kudzichepetsa. M'magombe ambiri a nyanja zamchere madzi amakwera ndi kuphwa kawiri patsiku, pakati pa kudzaza ndi kuphwa pamakhala maola pafupifupi 6, ndipo nthawiyo imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse chifukwa imatsatira mwezi. Mwala umene wauyamba uli pamtunda ukhoza kumira usanamalize kuujambula. Claude Monet, wojambula wa ku France, anaphunzira zimenezi ndi thupi lake mu Novembala 1885 ku Étretat, pagombe la matanthwe oyera la Normandy ku France. Anatsikira pansi pa phompho kukajambula, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti madzi akuphwa, ndipo ali mkati mwa ntchito funde lalikulu linamuwombetsa kuthanthwe n'kumukokera m'madzi pamodzi ndi zipangizo zake. Anatuluka chokwawa, ndevu zili utoto wokhawokha chifukwa kathabwa kosakanizirapo utoto kanamumenya kumaso, ndipo chinsalu chimene ankajambulapo chinawonongeka. Pamenepa sitinganene kuti safunsa anadya phula, chifukwa iye anafunsa ndithu ndandanda ya nthawi za madzi, koma anawerenga za tsiku lolakwika.

Chovuta china pagombe n'chakuti madzi alibe mtundu umodzi woti n'kuugula m'kachubu. Pafupi ndi mapazi ako umaona zapansi, mchenga, miyala ndi ndere; kutali madzi amabweza mtundu wa thambo; ndipo pakati pa ziwirizi funde lililonse lili ndi mbali yowala ndi mbali yodera. Thovu limene timati n'loyera limakhala loyeradi pamwamba pokha, koma m'munsi mwake ndi lotuwa kapena lobiriwirako. Mchenga wonyowa umachita ngati galasi kwa kanthawi kochepa funde likangobwerera, kenako n'kuzima. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimaima kuti uchikopere, motero umayenera kuyang'ana mafunde ambiri ndithu, burashi ili pansi, mpaka utadziwa mmene funde limakwerera, kupindika ndi kusweka, kenako n'kujambula limodzi limene likuimira onsewo. Chinyezi cha pagombe chimachedwetsa kuuma kwa utoto wamadzi, ndipo mphepo imathira mchenga pa chilichonse chonyowa. Chithunzi chimene Monet anajambula pagombe la Trouville mu 1870, chimene chili kunyumba yoonetsera zithunzi ya National Gallery ku London, chidakali ndi timchenga tokanirira mu utoto wake mpaka lero, umboni wakuti mwini wake analidi pomwepo.

Gombe limakakamizanso munthu kuphunzira thambo, popeza kumeneko thambo limatenga theka la chithunzi kapena kuposerapo. John Constable, wojambula wa ku England, anathera nthawi yambiri mu 1821 ndi 1822 pachitunda cha Hampstead ku London akujambula mitambo, ndipo kumbuyo kwa mapepala ambiri ankalembako tsiku, ola ndi kumene mphepo inkachokera. Ndimawauza achinyamata kuti mtambo suli thonje lomatidwa pakhoma labuluu: uli ndi pansi ndi pamwamba, umachepa ndi kuthithikana ukamayandikira kumene thambo lakumana ndi madzi, ndipo mthunzi wake umayenda panyanja n'kumasintha mtundu wa madzi.

Timaganiza kuti matanthwe ndi osatha, koma pagombe nawonso ali paulendo. Ku Australia, pafupi ndi Port Campbell, kum'mwera kwa Victoria, panali thanthwe lokhala ngati mlatho wa zipata ziwiri, lotchedwa London Bridge. Pa 15 Januwale 1990 chipata cha kumtunda chinagwera m'nyanja, n'kusiya alendo awiri pachilumba chimene chinali chitangobadwa kumene, mpaka helikopita inabwera kudzawatenga. Mu Julayi 2005 chimodzi mwa zipilala za miyala zotchedwa Twelve Apostles, pagombe lomwelo, chinagumuka m'kanthawi kochepa. Aliyense amene anajambula malo amenewo zisanachitike izi, ngakhale wosadziwika ngati ine, ali ndi chinthu chimene palibe angachijambulenso.

Kuti zithunzi za malo zathandiza kuteteza chilengedwe n'zodziwika, ndipo ndingodutsapo mwachidule. Ku France ojambula a m'mudzi wa Barbizon, motsogozedwa ndi Théodore Rousseau, anadandaula za kudulidwa kwa mitengo yakale ya m'nkhalango ya Fontainebleau, ndipo mu 1861 mahekitala oposa 1,000 anapatulidwa kuti asadulidwe. Ku America zojambula za Thomas Moran, pamodzi ndi zithunzi za kamera za William Henry Jackson, zochokera paulendo wa mu 1871, zinathandiza kuti aphungu avomereze kukhazikitsa malo otetezedwa a Yellowstone mu Malichi 1872. Koma tisanyengedwe kuti burashi imapambana nthawi zonse. Ku Tasmania, Max Angus ndi anzake anajambula nyanja ya Pedder ndi mchenga wake woyera pofuna kuti anthu aione n'kuikonda, koma mu 1972 inamizidwa ndithu ndi madzi a damu la magetsi. Ndipo nthawi zina opulumutsa malo amakhala oyenda okhaokha opanda burashi, monga anthu a ku Sydney amene mu 1931 anapeza kuti nkhalango ya Blue Gum m'chigwa cha Grose yatsala pang'ono kudulidwa, nasonkha mapaundi 130 pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma kuti aiwombole. Chimene ndikuona mwa onsewa n'chakuti anali atafikako ndi mapazi awo.

Kwa wofuna kuyamba, malangizo anga ndi ochepa ndipo ambiri ndinawaphunzira polakwitsa. Katundu akhale wopepuka: kabuku kokwana m'thumba, pensulo, burashi ziwiri, kabotolo ka madzi, chipewa, ndi mitundu ya utoto isanu kapena isanu ndi umodzi basi, chifukwa wonyamula bokosi lalikulu amatopa msanga n'kukhala pansi pamalo oyamba amene wawapeza, osati pamalo oyenera. Ayende kaye ola lathunthu osatsegula kabukuko, azungulire chimene akufuna kujambula, achione cham'munsi ndi cham'mwamba, ndipo akasankha pokhala ayambe ndi kachithunzi kakang'ono ka mphindi 20. Mithunzi aiike poyamba n'kuisiya momwemo. Ine tsiku lina ndinathera m'mawa wonse mpaka masana ndikuthamangitsa mithunzi ya chitunda chimodzi, kuisuntha nthawi iliyonse dzuwa likasuntha, mpaka pepala linasanduka matope ndipo sipanaonekenso kuti kuwala kukuchokera mbali iti. Pakatha maola awiri malo amakhala atasintha nkhope, ndipo ndi bwino kuyamba pepala lina kapena kudzabweranso mawa pa ola lomwelo.

Akumbukirenso kuti mapiri akutali amaoneka otuwa ndi abuluu chifukwa cha mpweya ndi fumbi zimene zili pakati pa iye ndi phirilo, mfundo imene Leonardo da Vinci anailemba zaka zoposa 500 zapitazo, motero utoto wolimba ndi wodera ausungire zinthu zapafupi. Utoto wobiriwira wongotuluka m'kachubu asaukhulupirire, pakuti palibe tchire limene lili ndi mtundu umenewo. Authire kofiira pang'ono kapena ka mtundu wa dothi kuti uzizire. Pomaliza alembe pakona ya pepala dzina la malo, tsiku, ola ndi mmene nyengo inalili, monga ankachitira Constable ndi von Guérard, ngakhale chithunzicho chitamuipira chotani.

Pali mwambo umene wojambula ayenera kuusunga kutchire, ndipo pano ndikudzudzula anzanga ena. Ndaonapo munthu akuthyola nthambi chifukwa yamutchingira phiri, ndi wina akukhuthulira madzi otsukira burashi mumtsinje. Mitundu ina ya utoto imapangidwa ndi zitsulo monga cadmium ndi cobalt, ndipo madzi ake ayenera kubwerera kunyumba m'botolo. Ngakhale matope a kunsapato si achabe: ku Australia matenda oola mizu otchedwa Phytophthora cinnamomi, amene apha zomera zambiri, amafalikira ndi dothi lokanirira kunsapato ndi kumatayala, n'chifukwa chake panjira zina za m'tchire kumeneko anaikapo malo otsukira nsapato. N'zochititsa manyazi kuti munthu awononge malo pofuna kuonetsa kukongola kwake. Ndipo woyenda yekha asanyamuke asanauze wina kumene akupita ndi nthawi imene abwerere, makamaka ngati akutsikira pansi pa phompho la pagombe.

Sindikunena kuti kamera itayidwe. Ine ndemwe ndimajambula ndi foni maonekedwe a mwala kapena a nthambi kuti zikandikumbutse ndikamamalizitsa ntchito kunyumba, ndipo taona kale kuti ku Yellowstone burashi ndi kamera zinagwira ntchito limodzi. Chithunzi cha foni chimathandiza amene anafikako, chifukwa chimadzutsa zimene anaziona ndi kuzimva. Kwa amene sanafikeko n'chongobwereka. Sindikunyozanso okalamba ndi odwala amene sangathenso kukwera mapiri. Ku China, zaka pafupifupi 1,600 zapitazo, kunali wojambula wotchedwa Zong Bing amene anayenda m'mapiri ambiri ali ndi mphamvu, ndipo atakalamba n'kudwala anajambula mapiriwo pamakoma a chipinda chake kuti aziwayenderabe ali chigonere. Nanenso maondo ayamba kundiuza kuti tsiku lotero likubwera, ndipo timabuku tanga takale ndayamba kutisunga pafupi ndi bedi.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi lakuti patsamba lanu la zaluso muzipatsako malo ojambula chilengedwe, osati oimba ndi ochita zisudzo okha. Mukasindikiza chithunzi chotero, m'munsi mwake muzilembamo dzina la malo, tsiku ndi ola limene chinajambulidwa, ndipo mtolankhani wanu azifunsa mwini wake kuti anayenda mtunda wautali bwanji kuti akafike pamene anakhala, anadutsa njira iti, ndiponso anaona chiyani chimene anasankha kuchisiya kunja kwa pepala. Aphunzitsi a zaluso nawonso ndikuwapempha kuti kamodzi pa teremu azitulutsa ana m'kalasi, aliyense ndi pensulo ndi pepala limodzi, akawakhazike pansi pa mtengo umodzi kwa theka la ola asanawalole kulemba mzere woyamba.

Ine wanu wowerenga nyuzipepalayi mokhulupirika,

Wojambula woyenda pansi